N'chifukwa chiyani nkhani ya mtsogoleri imayambira pa khungu lake?

Mu June 2017, Leo Varadkar atakhala nduna yaikulu ya dziko la Ireland, panatuluka nkhani ziwiri zosiyana za munthu mmodzi yemweyo. Nyuzipepala zakunja, kuyambira ku America mpaka ku India, zinkabwereza zinthu zitatu: bambo ake anachokera ku India, iye anali atanena poyera kuti bwenzi lake ndi mwamuna mnzake, ndipo pa zaka 38 anali wamng'ono kuposa onse amene anakhalapo pampandowo. Kwa wowerenga wakutali nkhani inathera pomwepo. Dziko limene linkadziwika ndi Chikatolika cholimba lasintha, basi.

Ku Dublin anthu ankakangana zina. Miyezi yochepa m'mbuyomo, ali nduna yoona za chithandizo cha ovutika, Varadkar anayambitsa kampeni yosaka anthu olandira ndalama za boma mwachinyengo. Popempha mavoti m'chipani chake cha Fine Gael, ananenanso kuti akufuna kutsogolera chipani cha anthu odzuka m'mamawa. Omutsutsa anamva mawu amenewa ngati chitonzo kwa osauka ndi malova. Ena mwa anthu amene akunja ankaganiza kuti akuvina ndi chisangalalo ndi amene ankamuyang'ana ndi diso lokayikira.

Palibe nyuzipepala imene inanama. Zonsezo zinali zoona. Koma mtsogoleri aliyense amakhala ndi zoona zambirimbiri, pamene mutu wa nkhani umalowa mawu asanu kapena khumi okha. Wina amasankha zoti zilowe. Ndikaonetsetsa mmene kusankhako kumachitikira, ndimapeza kuti chizindikiro chimene nyuzipepala imamata pa mtsogoleri chimaulula zambiri za owerenga ake kuposa za mtsogoleriyo.

Chimene chimasandutsa chinthu kukhala nkhani

Mu 1965, ofufuza awiri a ku Norway, Johan Galtung ndi Mari Holmboe Ruge, anasanthula mmene nyuzipepala za kwawo zinkalembera za mavuto a ku Congo, Cuba ndi Cyprus. Anandandalika zinthu khumi ndi ziwiri zimene zimapangitsa chochitika kusankhidwa kukhala nkhani. Zina mwa izo ndi izi: chikhale chosayembekezereka, chimveke mosavuta, chikhale ndi nkhope ya munthu, ndiponso chikhudze zimene owerenga amadziwa kale. Ophunzira utolankhani amaphunzirabe mndandanda umenewu mpaka lero.

Tsopano tengani mawu akuti "woyamba". Mayi woyamba, wakuda woyamba, Msilamu woyamba. Liwu limodzili limakwaniritsa zofunika zinayi zonsezo nthawi imodzi. N'lachilendo, silifuna kutanthauzira, lili ndi nkhope, ndipo wowerenga aliyense amadziwa kale tanthauzo la kukhala mayi kapena kukhala wa chipembedzo china. Yerekezani ndi ndondomeko ya misonkho. Kuti mtolankhani aifotokoze ayenera kuwerenga zikalata, kufunsa akatswiri, kusiyanitsa malonjezo ndi ziwerengero, kenako n'kupeza mawu oti munthu wotopa ndi ntchito amve. Imeneyo ndi ntchito ya masiku angapo. Kulemba kumene makolo a mtsogoleri anachokera ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo palibe loya angakusumire.

Mtolankhani wolembera anthu akunja ali ndi vuto lina. Owerenga ake sadziwa maina a zipani za dzikolo, sadziwa mikangano yake, mwinanso pamapu sangaliloze. Ayenera kupeza chingwe chowakokera nacho, ndipo chingwe chapafupi ndi chimene chikufanana ndi mikangano ya kwawo kwa owerengawo. N'chifukwa chake mu 2024, Claudia Sheinbaum atapambana chisankho ku Mexico, nyumba zambiri zofalitsa nkhani zakunja zinatsindika zoti ndi wa mtundu wa Chiyuda, pomwe kwa ovota funso lalikulu linali lakuti kodi apitiriza njira ya pulezidenti amene ankachoka pampando, Andrés Manuel López Obrador, ndipo athana bwanji ndi magulu a zigawenga. Zoti ndi wasayansi wa za mphamvu zamagetsi ndi nyengo, amenenso anayendetsa mzinda wa Mexico City kwa zaka pafupifupi zisanu, zinkabwera m'munsi.

Intaneti inangowonjezera moto. Kale mkonzi ankangoganizira zimene anthu amakonda. Masiku ano amaona pa kompyuta mutu umene anthu akutsegula ndi kutumizirana pa Facebook kapena pa X. Nkhani yokhudza kuti "ife ndife yani" imadzutsa kunyada mwa ena ndi mkwiyo mwa ena, ndipo magulu onse awiriwo amaitumiza.

Pamene khungu ndi nkhani yeniyeni

Munthu angafulumire kunena kuti atolankhani angosiyiratu kutchula zimenezi. Sindikugwirizana naye. Pa 5 November 2008, nyuzipepala ya New York Times inalemba dzina la Obama ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake n'kunena kuti mpanda wa tsankho wagwa. Mutu umenewo unali wolondola. Barack Obama anabadwa mu 1961, nthawi imene ukwati wonga wa makolo ake, mwamuna wa ku Kenya ndi mkazi wachizungu wa ku Kansas, unali mlandu m'zigawo zambiri za America. Khoti lalikulu la dzikolo linathetsa malamulo oterowo mu 1967. Lamulo limene linatsegulira anthu akuda a kumwera mwayi weniweni wovota linasainidwa mu 1965, iye ali ndi zaka zinayi. Anthu amene anamenyedwa ndi apolisi pofuna kulembetsa m'kaundula wa ovota anali akadali moyo usiku umene iye anapambana. Nyuzipepala imene ikanalemba za chisankho chimenecho osatchula khungu ikanakhala kuti yabisa nkhani.

Ndipo si zongosangalatsa mtima ayi. Pali umboni wakuti amene wakhala pampando amasintha zochitika. Ku India, kuyambira mu 1993, lamulo linalamula kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando ya utsogoleri wa makhonsolo a m'midzi likhale la amayi. Midzi yake inkasankhidwa mosayang'ana nkhope, ndiye ofufuza anapeza mwayi wosowa woyerekeza midzi yofanana. Raghabendra Chattopadhyay ndi Esther Duflo anapeza, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2004, kuti m'zigawo za West Bengal ndi Rajasthan makhonsolo otsogozedwa ndi amayi ankaika ndalama zambiri pa madzi akumwa, chinthu chimene amayi ankadandaula nacho kwambiri. Kafukufuku wina wa mu 2012 anasonyeza kuti m'midzi imene inakhala ndi mtsogoleri wamkazi kawiri, zokhumba za atsikana pa maphunziro ndi ntchito zinayandikira za anyamata. Mwana akaona munthu wonga iye pampando, maganizo ake pa zotheka amasintha.

Choncho vuto si kutchula. Vuto ndi amene amatchulidwa, kwa nthawi yotalika bwanji, ndi zimene zimakankhidwira kunja kuti chizindikirocho chipeze malo.

Amene sapatsidwa chizindikiro

Onse amene analamulira America Obama asanabwere anali amuna achizungu. Palibe mutu wa nkhani unanenapo kuti "mzungu wapambana chisankho". Iwo ankangotchedwa loya, bwanamkubwa, msilikali, mlimi wa mtedza. Khungu lawo silinkaoneka chifukwa linkafanana ndi la olemba ndi la owerenga amene olembawo ankawaganizira. Apa m'pamene pali chinyengo chosaoneka: chizindikiro chimamatidwa pa amene wasiyana ndi zozolowereka, ndipo pochimata mobwerezabwereza, nyuzipepala imaphunzitsa owerenga kuti winayo ndiye mtsogoleri wamba, uyu ndi mtsogoleri wa mtundu wina. Mu 1968, komiti ya Kerner, imene boma la America linakhazikitsa kuti ifufuze za zipolowe za m'mizinda, inadzudzula atolankhani kuti amaona dziko ndi maso a mzungu. Mfundo yake inali yomweyi: amene wagwira cholembera ndiye amasankha chimene chili chachilendo.

Nazonso zizindikirozo zimapangidwa ndi dziko, sizigwa kumwamba. Obama analeredwa ndi mayi wachizungu ndi agogo achizungu, koma ku America ndi wakuda, chifukwa mbiri ya ukapolo inasiya chizolowezi chakuti aliyense wokhala ndi kholo lakuda amawerengedwa wakuda. Munthu wa makolo omwewo ku Brazil kapena ku South Africa akhoza kuikidwa m'gulu lina. Ku Peru, Alberto Fujimori, amene anapambana mu 1990, ankatchedwa "El Chino", kutanthauza Mtchaina, ngakhale makolo ake anachokera ku Japan, ndipo iye analikumbatira dzinalo chifukwa linkamusiyanitsa ndi olemera achizungu a ku Lima. Kamala Harris, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti wa America, wa bambo a ku Jamaica ndi mayi a ku India, amakhala Mmwenye m'nyuzipepala za ku Chennai, wakuda m'nyuzipepala za ku Atlanta. Munthu ndi yemweyo. Chasintha ndi wogula nyuzipepala.

Zimene zimabisika kuseri kwa chizindikiro

Chitsanzo chimene ndimachiona chomveka kwambiri ndi cha Rishi Sunak. Anakhala mtsogoleri wa chipani cha Conservative pa 24 October 2022, tsiku la chikondwerero cha Chihindu cha Diwali, ndipo m'mawa mwake anakhala nduna yaikulu ya Britain. Ku India mawailesi a kanema anachita phwando: patapita zaka 75 dzikolo litalandira ufulu, mwana wa Amwenye akulamulira atsamunda akale. Kunena zoona Sunak anabadwira ku Southampton, ndipo makolo ake anabadwira kuvuma kwa Africa, bambo ku Kenya, mayi ku Tanganyika. Koma nthano ya kubwezera inali yokoma kwambiri moti sakanaisiya.

Nanga n'chiyani chinkafotokoza bwino munthu ameneyu? Anaphunzira ku Winchester, imodzi mwa sukulu zodula kwambiri ku England, kenako ku Oxford ndi ku Stanford. Anagwira ntchito ku banki ya Goldman Sachs. Mkazi wake, Akshata Murty, ndi mwana wa mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya Infosys, ndipo chaka chimenecho nyuzipepala ya Sunday Times inayerekeza chuma cha banjali pa mapaundi oposa 700 miliyoni. Anatenga mpando mwezi umene kukwera mitengo kwa zinthu kunapitirira 11 pa 100 iliyonse, ali nduna yaikulu yachitatu m'miyezi iwiri. Kwa munthu amene ankalephera kulipira magetsi, chimene chinkasiyanitsa Sunak ndi iye sichinali chipembedzo. Nyuzipepala za ku Britain komweko zinalimbikira kwambiri za chumacho, ndipo pamenepa ndikuona kuti zinaona bwino kuposa zakunja.

Mu 1967, katswiri wa zandale Hanna Pitkin anasiyanitsa mitundu ya kuimira anthu. Pali kuwaimira pofanana nawo, ndiye kuti khungu, chipembedzo kapena chiyambi chimodzi. Palinso kuwaimira powagwirira ntchito, ndiye kuti kumenyera zofuna zawo. Ziwirizi nthawi zina zimayendera limodzi, monga m'midzi ya ku India ija. Nthawi zina zimasiyana kutalitali. Margaret Thatcher, mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya Britain, analamulira kuyambira 1979 mpaka 1990, koma m'zaka zonsezo anaika mayi mmodzi yekha, Janet Young, m'gulu la nduna zake zikuluzikulu. Sunak, mdzukulu wa anthu obwera, ndi amene analimbikira kwambiri ndondomeko yotumiza ku Rwanda anthu ofuna malo othawirako, ngakhale khoti lalikulu litagamula mu November 2023 kuti inali yosemphana ndi lamulo. Sindikunena kuti analakwa chifukwa cha kumene agogo ake anachokera, popeza kuganiza choncho n'kugweranso mumbuna yomweyo. Ndikunena kuti wowerenga amene anauzidwa za chiyambi chake chokha sakanatha kulosera chilichonse mwa zimenezi. Ali dere n'kulinga utayenda naye.

Chimodzimodzi kupambana kwa Obama. Banki ya Lehman Brothers inagwa pa 15 September 2008, kutatsala masabata asanu ndi awiri kuti anthu avote. Anthu ankalandidwa nyumba, nkhondo ya ku Iraq inali itawatopetsa, ndipo chipani cholamula chinali chitakhala zaka zisanu ndi zitatu. Nkhani yakuti "America yasiya tsankho" inatenga malo a nkhani yakuti "America yakwiya ndi chipani cholamula". Yoyambayo itaoneka kuti inali yokokomeza, anthu ambiri anadabwa ngati kuti china chasintha mwadzidzidzi, chonsecho n'kufotokoza kumene kunali koperewera kuyambira pachiyambi.

Palinso katundu amene wopatsidwa chizindikiro amasenzetsedwa. Amayembekezeredwa kuyankhira gulu lonse. Sadiq Khan, Msilamu, loya wa zaufulu wa anthu amene anakhalapo phungu wa Tooting ndi nduna ya zamtengatenga, anapikisana pa umeya wa London mu 2016 ndi malonjezo a nyumba zotsika mtengo ndi kusakweza mitengo ya mabasi ndi sitima. Mbali yaikulu ya kampeniyo inathera pa kuyankha ngati ali paubwenzi ndi Asilamu ochita zauchifwamba, chifukwa omutsutsa anakankhira nkhaniyo kumeneko ndipo nyuzipepala zinatsatira. Obama mu March 2008 anakakamizika kulankhula mawu aatali ku Philadelphia okhudza mitundu chifukwa cha maulaliki a m'busa wake, Jeremiah Wright. Kwa amayi katunduyo amakhala wa thupi ndi ubereki. Jacinda Ardern anafunsidwa pa kanema za kubereka patangopita maola ochepa atasankhidwa kutsogolera chipani cha Labour ku New Zealand mu August 2017. Mu March chaka chomwecho, Theresa May, nduna yaikulu ya Britain, ndi Nicola Sturgeon, mtsogoleri wa boma la Scotland, atakumana kukambirana za kutuluka kwa Britain m'bungwe la European Union ndi tsogolo la Scotland, Daily Mail inaika patsamba loyamba chithunzi cha miyendo yawo n'kufunsa kuti yokongola ndi ya ndani.

Liwu lakuti "mafuko"

Pa nkhani za Africa chizindikirocho chimasintha dzina. Pambuyo pa chisankho cha December 2007 ku Kenya, nyumba zambiri zofalitsa nkhani za kwa azungu zinafotokoza ziwawazo ngati nkhondo ya mafuko: mwa opikisana pa upulezidenti, Mwai Kibaki ndi Akikuyu, Raila Odinga ndi Aluo. Zoti anthu ankaphedwa chifukwa cha mtundu wawo n'zoona, sitingazikane. Koma komiti ya woweruza Philip Waki, imene inafufuza nkhaniyi, inapeza kuti mwa anthu oposa 1,100 amene anafa, oposa 400 anafa ndi zipolopolo, ndipo inaloza chala apolisi. Inatchulanso mikangano ya malo yochokera m'nthawi ya atsamunda, ndi andale ndi amalonda amene ankalipira magulu a achinyamata. Liwu lakuti "mafuko" limachititsa zonsezi kuoneka ngati chidani chachibadwa chopanda wochikonza. Mu 2013, Uhuru Kenyatta, Mkikuyu, ndi William Ruto, Mkalenjin, amene mitundu yawo ndiyo inalimbana koopsa ku Rift Valley, anaimira limodzi n'kupambana. Chidani chachibadwa sichitha m'zaka zisanu. Mgwirizano wa andale ndiwo umatero.

Nkhani ya Guy Scott imaonetsa galasi lomweli litatembenuzidwa. Michael Sata atamwalirira ku London mu October 2014, Scott, amene anali wachiwiri wake, anagwirizira mpando wa pulezidenti wa Zambia, ndipo dziko lonse linamva za "mzungu woyamba kulamulira mu Africa chichokereni F. W. de Klerk". Ambiri olemba anaiwala Paul Bérenger, amene anali nduna yaikulu ya Mauritius kuyambira 2003 mpaka 2005. Ku Lusaka nkhani inali ya mpungwepungwe m'chipani cha Patriotic Front. Scott anachotsa Edgar Lungu pa udindo wa mlembi wamkulu wa chipani, anthu anachita zipolowe, ndipo m'mawa mwake anamubwezera. Pomwe chiyambi chake chinali ndi ntchito penipeni panali pa lamulo: ndime imene inaikidwa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1996 inkafuna kuti wopikisana pa upulezidenti akhale wa makolo a ku Zambia, ndipo makolo a Scott anachokera ku Britain. Ndimeyo sinalembedwere azungu. Inalembedwa pofuna kutsekereza Kenneth Kaunda. Imeneyo ndiyo inali nkhani yokoma, ya mmene funso la "kodi ndiwe wa kuno?" limasulidwira kukhala chida, koma inkafuna ndime zingapo kuti imveke.

Kumene njira imeneyi imathera zikafika poipa kumadziwika. Mu December 2003, khoti la United Nations ku Arusha linapeza olakwa akuluakulu awiri a wailesi ya RTLM ndi mkonzi wa nyuzipepala ya Kangura pa mbali imene anatenga pa kuphedwa kwa Atutsi ku Rwanda mu 1994. Sindikufanizira mutu wa nkhani waulesi ndi zimenezo. Kungoti pali chifukwa chake akonzi osamala amanjenjemera ndi chizolowezi chofotokoza zandale zonse kudzera m'magazi a anthu.

Si atolankhani okha

Tisawaunjikire mlandu wonse. Andale nawonso amadziwa mtengo wa chizindikiro, ndipo amachigulitsa pamene chikuwapindulira. Khan anabwereza zoti ndi mwana wa dalaivala wa basi mpaka atolankhani anayamba kuseka. Evo Morales, atapambana ku Bolivia mu 2005, anakachita mwambo wa makolo ku mabwinja a Tiwanaku asanalumbirire udindo, kuti aliyense aone kuti Mwaymara walowa m'nyumba ya boma. Hillary Clinton mu 2016 anaika nkhani ya kukhala mayi woyamba pakati pa kampeni yake. Harris mu 2024 anasankha njira ina. Donald Trump atauza msonkhano wa atolankhani akuda ku Chicago kuti Harris anangosanduka wakuda posachedwa, wa CNN anamufunsa maganizo ake, ndipo iye anayankha mwachidule kuti ndi machenjerero akale otopetsa, n'kupempha funso lina. Koma atolankhani analembabe za nkhaniyo kwa masiku angapo.

Pamenepa pali msampha umene ngakhale mtolankhani wabwino amakodwamo. Maxwell McCombs ndi Donald Shaw anafufuza ovota a ku Chapel Hill, ku America, pa chisankho cha 1968, n'kupeza kuti nkhani zimene anthu ankaziona zofunika zinkafanana kwambiri ndi zimene nyuzipepala ndi mawailesi ankazipatsa malo aakulu. Mphamvu ya nyumba zofalitsa nkhani siili kwenikweni pa kuuza anthu choganiza. Ili pa kuwasankhira nkhani yoti akambirane. Ndiye taganizirani bodza lakuti Obama sanabadwire ku America. Nyuzipepala zodalirika zinalitsutsa nthawi zonse, koma kulitsutsa kunafuna kulitchula. Kwa zaka zingapo funso la "kodi ndi wathu?" linakhala pa tebulo, mpaka mu April 2011 pulezidenti wa dziko anatulutsa chikalata chake chonse chobadwira cha ku Honolulu. Woyambitsa mphekesera safuna kuti umukhulupirire. Akungofuna kuti uzikamba zake.

Nanga kukhala chete kungathandize? France inayesa njira imeneyo. Kalembera wa dzikolo safunsa mtundu wa munthu, ndipo lamulo la mu 1978 limaletsa kusonkhanitsa ziwerengero zotere kupatula pa zifukwa zochepa. Mfundo yake ndi yakuti boma limaona nzika basi. Komabe mu November 2013, magazini ya Minute inaika patsamba loyamba Christiane Taubira, nduna ya zachilungamo yobadwira ku French Guiana, ndi mawu omufanizira ndi nyani ndi nthochi. Kusatchula khungu m'mabuku a boma sikunachotse tsankho. Kunangochititsa kuti kukhale kovuta kuliyeza.

Bungwe la Associated Press, limene malangizo ake a kalembedwe amatsatidwa ndi nyuzipepala zambiri, limati mtundu wa munthu utchulidwe pokhapokha ngati ukukhudzadi nkhaniyo, monga pamene munthu wakhala woyamba pa udindo waukulu. Lamuloli n'labwino, koma limasiya funso lovuta m'manja mwa mkonzi. Pa tsiku lolumbira, "woyamba" ndi nkhani. Pa tsiku lopereka ndondomeko ya zachuma, patapita zaka ziwiri, liwulo likuchita chiyani m'ndime yoyamba? Njira imene ndimayesera nayo ndi yosavuta. Ndimachotsa chizindikirocho m'chiganizo n'kuona ngati pali chimene sichikumvekanso. Ndikachotsa khungu pa nkhani ya Obama ya mu November 2008, misozi ya anthu ku Grant Park, bwalo la ku Chicago kumene analankhulira atapambana, siimveka. Ndikachotsa chipembedzo pa nkhani ya Khan ndi mitengo ya mabasi, palibe chatayika.

Zizindikiro zimathanso mphamvu. Mu 1928 Al Smith, Mkatolika, anagonja pa chisankho cha upulezidenti wa America pakati pa mphekesera zakuti adzalamulidwa ndi Papa. Mu September 1960 John F. Kennedy anakaima pamaso pa abusa a mipingo ina ku Houston kukawatsimikizira kuti iye ndi woimira chipani cha Democratic amene wangokhala Mkatolika, osati woimira Akatolika. Joe Biden atalumbira mu 2021 anali Mkatolika wachiwiri pampandowo, ndipo ochepa okha ndi amene anachita nazo chidwi. Mkangano umene unabuka unali wa mabishopu ena a mpingo wake womwe, okhudza maganizo ake pa kuchotsa pakati. Funso linali litachoka pa chimene iye ali n'kufika pa chimene akuchita.

Britain mwina ili pakati pa ulendo womwewo. Mu 2023 Humza Yousaf, Msilamu, anakhala mtsogoleri wa boma la Scotland, mu 2024 Vaughan Gething, wakuda, anatsogolera boma la Wales, ndipo onse awiri anachoka msanga chifukwa cha ndale wamba: wina mgwirizano wa zipani unasweka, wina anakodwa pa nkhani ya ndalama za kampeni. Kemi Badenoch, wokulira ku Nigeria, analowa m'malo mwa Sunak m'chipani mu November 2024, ndipo ndi mmodzi mwa otsutsa kwambiri ndale zotsamira pa khungu. Sunak mwiniwake, potsanzika pa 5 July 2024 pakhomo la Downing Street, ananena kuti chodabwitsa cha Britain n'chakuti sizinadabwitse anthu kuti mdzukulu wa anthu obwera ndi zochepa wakhala nduna yaikulu. Sabata imodzi m'mbuyo mwake, Channel 4 inali itaulutsa kanema wojambulidwa mobisa wa munthu wokopera anthu chipani cha Reform UK akumutchula ndi dzina lachipongwe lonyozera anthu ochokera kumwera kwa Asia. Sunak analibwereza dzinalo pamaso pa makamera, dala, n'kunena kuti zikumupweteka ndi kumukwiyitsa kuti ana ake aakazi awiri ayenera kumva zoterozo.